Keyala ya Obed Chimphepo

Lamulo la ofesi ya asilikali opuma ntchito, pa boma pa Dowa, linali lalifupi ngati mchira wa mbuzi: keyala ya msilikali siperekedwa kwa munthu, kaya abwere atavala suti, kaya abwere akulira. Wofuna msilikali amalemba kalata, ofesi n'kuitumiza, ndipo mwini wake akafuna amayankha. Eveline, kalaliki wa pamenepo, ankalikonda lamuloli chifukwa anali ataona zambiri. Anthu ndi ovuta, ndipo iye sankafuna kukhala mlatho wodutsirapo mavuto a eni.

Lolemba lina kunabwera mtsikana wina dzina lake Lidia, mphunzitsi wa ku Mvera. Anakhala pa benchi, chikwama pamiyendo, n'kunena kuti akufuna bambo ake amene sanawaonepo chibadwire. Mayi ake, Margareta, anali mwana wa tenanti pa esiteti ya fodya, ndipo anapatsidwa pathupi ndi msilikali amene ankabwera kudzacheza kwa m'bale wake kumeneko. Pomwalira anamusiyira dzina lokha, Obed Chimphepo, ndi nambala ya usilikali yolembedwa pachikuto cha buku la nyimbo.

"Nanga bwanji mwawafuna lero, zaka zonsezi?" anafunsa Eveline.

"Chinkhoswe changa chatsala milungu iwiri, mayi. Wondikwatira ndi Mayeso, wa ku Kasakula. Tsono mayi anga aang'ono akuti msilikali uja anali wa komweko. Bambo ake a Mayeso analinso msilikali, koma iwo ndi a Wilson Kamtedza, ndiye si iwo ayi. Ndingofuna mtima ukhale pansi."

Eveline analowa m'chipinda cha mafayilo akuyetsemula ndi fumbi. Fayilo anaipeza msanga, ndipo mwina zikanakhala bwino ikanadyedwa ndi chiswe. M'kati munali pepala limene mwini wake analumbirira popuma ntchito: kuti analowa usilikali ndi satifiketi ya msuweni wake, monga ankachitira anyamata ambiri osamaliza sukulu, ndipo kuti dzina lake la kumudzi ndi Wilson Kamtedza. Pa mndandanda wa ana, wachitatu anali Mayeso.

Eveline anatseka fayiloyo mwachisoni. Nkhani yotereyi si yotuluka pakamwa pa kalaliki, ngakhale lamulo likanalola. Koma kuponya kalata ku positi kunalinso kusewera ndi moto. Keyala inali bokosi la sukulu ya pulayimale, kumene makalata amagona mu kabati ya ahedi mpaka wina akumbukire kukawalengeza kutchalitchi. Milungu iwiri ikanatha kalata isanaone dzuwa.

"Alipo, ali moyo," anatero atabwerera. "Lembani kalata, ine ndionetsetsa kuti yafika."

Lidia anamuyang'anitsitsa. "Mwapezamo chiyani, mayi?"

"Zina sindiloledwa kunena."

Eveline anafuna kumuuza kuti asayambe wagula thadzi la pachinkhoswe, koma anameza mawuwo. Mtsikanayo analemba masamba awiri, namata envelopu, n'kuthokoza mwaulemu. Kuthokozako n'kumene kunamupweteka kwambiri Eveline.

Loweruka m'mawa anakwera minibasi mpaka ku Ntchisi, kenako njinga yamoto ya kabaza imene inamugwedeza m'zitunda mpaka msana kuuma. Lamulo linkati kalata itumizidwe, koma silinanene kuti ndi ndani aitenge.

Anapeza nkhalamba ili pakhonde ikupala mpini wa khasu mofufuza ndi zala. Kumbali, mwamuna wamtali anali pa makwerero akupaka laimu khoma la nyumba, akuimba mluzu, kukonzekera alendo.

"Odi! Ndikufuna a Obed Chimphepo. Ndachokera ku ofesi ya asilikali."

Mpeni unaima. "Dzina limenelo ndinalisiya kukampu, mayi. Kwagwanji?"

"Ndabwera ndi kalata yanu."

"Maso anga anatha. Mayeso, tatsika udzandiwerengere."

"Ayi, bambo," anatero Eveline mofulumira. "Iyi ndiwerenga ndine, ndipo tikhale awiri."

Anazungulira kuseri kwa nkhokwe, Eveline atanyamula kampando. Anawerenga pang'onopang'ono, osadumpha liwu. Lidia sanalembe zokalipa. Anangodzitchula kuti ndi mwana wa Margareta wa pa esiteti, kuti sakufuna chilichonse, koma kuti adziwe magazi ake asanalowe m'banja ndi Mayeso wa ku Kasakula.

Mkuluyo anavula chipewa n'kuchiika pabondo.

"Ndinamva kuti Margareta ali ndi pakati," anatero. "Ndinatseka makutu. Ndinkati wa yunifolomu uja ndi Obed, ine Wilson sizindikhudza." Anatembenukira kwa Eveline. "Ndi mtsikana wa ku Mvera uja? Amene anandibweretsera jekete mwezi watha?"

"Ndi yemweyo, bambo."

"Ndinamukonda mwana ameneyo. Ndinauza mayi a kunyumba kuti Mayeso watola mwayi." Anasisita chipewa chija. "Nanga ndikapanda kuyankha?"

Funso limeneli Eveline ankaliopa njira yonse. Akanatha kuopseza, akanatha kunama, koma ananena zoona.

"Lamulo likukulolani kukhala chete. Ine sindidzauza munthu."

Atatero anadzida yekha, pamodzi ndi lamulo limene ankalikonda lija. Anapinda kalata n'kuiika m'manja mwa mwini wake, ndipo anadikira. Kutsogolo kwa nyumba mluzu unali kumvekabe, burashi ikukwecha khoma.

Nkhalambayo inagwira nkhokwe, n'kudzuka movutikira, n'kuyang'ana kumene kunkachokera mluzuwo.

"Mayeso!"

"Wawa, bambo! Kwatsala khoma limodzi lokha."

"Siya laimuyo, mwana wanga, ubwere kuno. Alendo aja sabweranso."