Mpiringidzo mu Viniga

"Musataye zimenezo, achimwene."

Mwana wachisamba anaima ndi botolo m'manja, atalipendeketsa kale pamwamba pa ngalande. Madontho atatu akuda anali atagwera pa nsapato yake yopolisha. Mlongo wake anali pakhomo la shedi, manja m'chiuno, maso akadali otupa. Panali patapita masiku anayi chiikireni bambo awo m'manda.

"Anzanga akuntchito akubwera masana ano kudzapepesa," iye anatero. "Bwalo lonseli likununkha viniga. Akhala bwanji?"

"Akhala mmene takhalira ife zaka zonsezi."

Bambo awo ankakonza zitsulo: njinga, makina osokera, maloko, mahinjesi, chilichonse chimene dzimbiri lachigwira. Mankhwala a m'sitolo sankawakhulupirira. Ankaviika zitsulo mu viniga, ndipo viniga akatha ankafinya mandimu. Fungolo linalowa m'malaya, m'ndevu, ngakhale m'pilo. Ana a mumsewumo anawapatsa dzina loti a Viniga, iwo n'kumavomera ndi mano onse pamtunda. Mwana wachisamba yekha ndiye dzinalo linkamuwawa kuyambira ali pasukulu. Akuluakulu anati mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo, koma za bambo onunkha viniga sananenepo kanthu, ndipo iye anapezerapo mwayi. Atapeza ntchito ya mu ofesi ndi nyumba ya mpanda, kwawo ankangobwera mwa apo ndi apo.

Mlongo wakeyo, amene anakulira m'shedimo akugwirizira bambo ake sipanala, anamulanda botolo lija.

"Zili m'mabotolomu zili ndi eni ake," anatero. "Zagona sabata yathunthu chifukwa cha maliro. Viniga akamaliza dzimbiri sakhala pansi, amayamba kudya chitsulo chenichenicho. Ngati mukufuna fungo lichoke msanga, vulani jeketeyo mundithandize."

Iye anayang'ana wotchi, kenako anavula.

Pa alumali panali mabotolo khumi ndi awiri a kukamwa kwakukulu. Lililonse linali ndi kapepala komangirira ndi ulusi pakhosi, kolembedwa ndi pensulo m'zilembo zazikulu zopendekeka za bambo awo: mwini wa chitsulo, tsiku lovuula, ndi mawu ena odzikumbutsa. "Tcheni cha aphunzitsi. Lachisanu. Onanso mabuleki." "Lumo la atelala. Osaiwala kunola."

Ntchito yake inali ndi dongosolo. Mlongoyo ankavuula chitsulo ndi pulayala n'kuchipala ndi bulashi ya waya mpaka zakuda zonse zitachoka. Mchimweneyo ankachitsuka m'beseni la madzi osakaniza ndi soda kuti ukali wa viniga uthe, n'kuchipukuta, n'kuchipaka mafuta. Ulendo woyamba anaika manati anayi pathabwa osawapukuta, akuyankha foni. Pomwe ankamaliza kulankhula, manatiwo anali atayamba kale kufiirira.

"Mwaona a bwana?" mlongoyo anatero. "Chitsulo chochoka mu viniga chili ngati munthu wovula. Mukachedwa kuchiveka mafuta, dzimbiri limabwerera tiyi asanazizire. Koma manja a bolopeniwa!"

Anaseka onse awiri, kuseka koyamba chichitikireni malirowo. Amayi awo anamva ali m'nyumba, ndipo anabwera ndi kampando kudzakhala pakhomo la shedi.

Botolo lomaliza linali palokha, pawindo, kapepala kake katatembenukira kukhoma. Mchimweneyo anali atazolowera tsopano, moti anapisa yekha pulayala. Chinatuluka chitsulo chachitali ngati chikhatho, chopindika kumapeto, chakuda bii. Pa chogwirira pake panali patatsalira kapenti kobiriwira. Penti imeneyo anagula ndi iyeyo, ndipo anapaka yekha. Unali mpiringidzo wa kachitseko kakang'ono ka geti ya kunyumba kwake.

Anauika pathabwa pang'onopang'ono.

Lamulungu lomaliza bambo ake ali moyo, iye anali ndi alendo pankhomaliro, abwana ake ndi akazi awo. Belu la pageti litalira anatuluka, n'kupeza bambo ake ataima ndi njinga, thumba la mandimu a pamtengo wa kwawo lili pa kaliyala. Fungo lija linamupeza asanafike n'komwe pageti. Anagwira mpiringidzo, n'kuugwedeza uku akuupanikiza dala ndi chala chachikulu.

"Ukukana kutseguka, bambo. Wachita dzimbiri. Makiyi a geti yaikulu wapita nawo mlonda."

Bambo ake anayang'ana mpiringidzowo, n'kuyang'ana magalimoto awiri amene anali m'bwalo. Anamupatsira mandimuwo pamwamba pa geti.

"Dzimbiri si nkhani, mwana wanga," anatero, n'kutembenuza njinga.

Mawa lake iye ananyamuka ulendo wa kuntchito. Uthenga woti bambo akomoka m'shedi unamupeza ali komweko Lachinayi, ndipo anabwera molunjika kuno osadzera kunyumba kwake. Masiku onse a maliro anadzitonthoza ndi chinthu chimodzi chokha, kuti bambo ake anakhulupirira za dzimbirizo ndipo anapita osadziwa kuti mwana wawo anawatsekera kunja.

"Wafika bwanji kuno umenewu?" anafunsa.

"Kodi mkazi wako sanakuuze?" amayi anatero. "Kaya, ndi chipwirikiti chinalipochi angakumbukire ndani. Bambo ako anapitanso kunyumba kwako Lachiwiri, iwe utachoka. Anaumasula, geti n'kuimanga ndi waya. Anati mwana asamavutike potsegula."

Mlongo wake anatenga mpiringidzowo n'kuupala ndi bulashi. Zakuda zitachoka panaoneka timaenje tating'onoting'ono pamene viniga anadya. Anauzunguza padzuwa, akuufufuza ngati mmene bambo awo ankachitira.

"Umenewu sunkafuna viniga," anatero. "Onani mkatimu, pamene umakhulana ndi chitsulo chinzake, mmene pakusalalira. Unkayenda bwinobwino. Dontho limodzi la mafuta likanakwana. Bambo sakanalephera kuona zimenezi."

Anakweza maso n'kuyang'ana mchimwene wake. Iye anayang'ana m'beseni. Manyazi anamugwira.

Amayi sanazindikire kanthu. Anali akukonza mpango wawo wakuda, maso ali pa njinga ya amuna awo imene inatsamira khoma.

"Lamulungu lija anabwera okondwa," anatero. "Anati unawalandira bwino, unawakhazika pa mpando wofewa pakati pa mabwana ako. Ndinawafunsa kuti nanga mwabwerako msanga bwanji, iwo akuti munthu ukapita kwa mwana wotanganidwa sumamera mizu."

Madzi a soda ankangochita tithovu m'beseni.

"Chimene chinandidabwitsa ndi ichi," amayi anapitiriza. Anadzuka, n'kutambasula dzanja pa alumali ya pamwamba, kuseri kwa chitini cha misomali. Anatsitsa sopo wonunkhira, akadali m'pepala lake la maluwa. "Zaka makumi anayi ndakhala nawo, sopo wawo anali wochapira yemweyu. Koma Lachitatu anabwera ndi ameneyu, n'kundiuza kuti ndiwasitire malaya oyera aja. Ndinawaseka kuti kodi mwapeza wina ku ukalamba kuno? Iwo akuti ayi, ndili ndi ulendo Loweruka."

Loweruka limenelo ndi limene anawaika m'manda, atavala malaya oyera omwewo.

Kunja kunalira hutala ya galimoto, kawiri, mwaulemu. Mchimweneyo anayang'ana manja ake. Anali akuda mpaka m'zikhadabo, akununkha viniga ndi mafuta.

"Alendo ako afika," amayi anatero, akumupatsa sopo uja. "Kasambe m'manja ndi ameneyu. Mwini wake sanamugwiritse ntchito, angowonongeka."

Iye anamulandira. Ndi dzanja linalo anatembenuza kapepala ka pa botolo lomaliza lija. Pensulo inali itadindikiza kwambiri, monga mwa nthawi zonse.

"Wa mwana wanga. Loweruka. Ndisambe kaye."

Anawerenga kawiri. Anadula ulusi ndi mano, n'kupinda kapepalako, n'kukaika m'thumba la malaya. Mlongo wake anali atatsuka kale mpiringidzo uja m'madzi a soda, ndipo anamupatsira pamodzi ndi kansalu ka mafuta. Hutala inaliranso. Iye sanafulumire. Anapukuta chitsulocho mbali zonse, n'kuchipaka mafuta mpaka m'timaenje tonse, kenako anabwezera sopo uja kuseri kwa chitini cha misomali, osamutsegula, n'kupita kukatsegulira alendo.