Kesio Amene Anakana Kulimba

Yarelis, mwana wamkazi wa Eusebio, anabwera kuchokera ku Rotterdam ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo chifikireni pa chilumba cha Curaçao sanalaweko chophika bambo ake. Nsomba anakana. Funchi wa ufa wa chimanga anangomubaya ndi chala. Ankangodya mabisiketi a m'chikwama mwake, n'kumapempha vla, kaphalaphala ka mkaka kotsekemera kamene amayi ake amamugulira ku Rotterdam. Lamulungu ndege inali kudzamutenganso.

"Mwana abwerere osadziwa dzanja la bambo ake?" Eusebio anadandaula kwa mlongo wake Norberta. "Ndimuphikira kesio, keke yofewa ija ya mkaka ndi mazira, achemwali."

"Iweyo? Munthu wopsereza ndi madzi omwe!" Norberta anaseka, komabe anamubwereketsa chitini chophikiramo.

Masana amenewo kamphepo ka kunyanja kankangosisita makatani, mbuzi zili gone pansi pa mitengo yaminga. Eusebio anasungunula shuga m'chitinimo mpaka kufiira, nathira mkaka ndi mazira, nakhazika chitinicho mumphika wa madzi owira. Chivundikiro chinkagogoda mofatsa. Atakhala pakhomo, zikope zinalemera. Anaona ngalande za ku Rotterdam zikuyenda mkaka wachikasu, Yarelis ali m'bwato la bambo ake, akupalasa ndi sipuni, akunka kutali osacheuka.

Anadzidzimuka. Kamtsikanako kanali kataima pafupi ndi mphika, kakununkhiza. Aka kanali koyamba kulowa kokha m'khitchini. Eusebio anaphula chitini msangamsanga.

"Sanapse ameneyo, iwe!" Norberta anakuwa pawindo. "Ndipo kesio satembenuza wotentha, amayamba wazizira!"

Koma Eusebio anaopa kuti akadikira, mwanayo achokanso. Anavundikira mbale pachitini, natembenuza. Kesio sanaime. Anaphwasuka n'kuyenderera m'mbale monse, shuga wofiira uja akusambira pamwamba.

"Ndinanena ine," anatero Norberta, akupukusa mutu. "Matope okhaokha. Ngakhale mbuzi zikuseka."

Eusebio anangoti zyoli. Yarelis anasuzumira m'mbalemo, naviika chala, nanyambita. Anaviikanso kachiwiri.

"Papa, vla uyu," ananena motsitsa mawu. "Koma wanu ndi wofunda."

Anakoka mpando, nakwerapo, n'kukokera mbale ija pachifuwa pake.

"Achemwali, tandipatsireni sipuni," anatero Eusebio.

"Ziwiri," anatero mwanayo, akusendera kuti bambo ake akhale pambali pake.