Msewu wa kwa Mayi Pelkey

Mwezi wa Malichi ukangoyamba, anthu a ku Alder Notch, katauni ka m'mapiri a Vermont, amasonkhana m'holo ya sukulu n'kutsutsana mpaka kukhosi kuuma. Chaka chimenecho mkangano unali pa msewu wokwera kuphiri: tauni ipitirize kukokolamo chipale chofewa pomwe kumtundako kwatsala nyumba imodzi yokha? Nyumbayo inali ya Mayi Lorna Pelkey. Msewu ukasiyidwa, kwawo kwatha, akakhala kwa mwana wawo Darlene kumunsi, m'kachipinda koyang'anizana ndi galaja.

"Kodi tizikokolera agwape?" anafunsa Merle Tarbox, wogulitsa matayala.

"Iwe Merle, takhala pansi! Matewera ako ndinachapapo ine," anatero Mayi Pelkey, holo yonse n'kufa nazo nseko.

Koma m'holomo munkafunda, mukununkhira khofi ndi majasi onyowa, ndipo kufunda kotere sikucheza ndi munthu wokalamba. Mawu a anthu anayamba kumvekera kutali. Tulo titawaba, Mayi Pelkey anangoona msewu wawo uli mbee, malemu amuna awo a Arlo ali patsogolo, fosholo paphewa, mpweya ukutuluka m'kamwa ngati utsi. Mitengo ya mapulo inkadonthetsera madzi ake otsekemera m'ndowa, tho, tho, tho. Iwo ankakwera phirilo osapuma wefuwefu, miyendo ili yautsikana, nyumba ikuwayembekezera pamwamba, nyale ikuyaka pawindo ngakhale kunali masana.

Chinawadzutsa ndi kanyundo ka wapampando.

"Ndi mawu okha sizikumveka kuti wapambana ndani. Tiwerengana. Ofuna kuti msewu usiyidwe, imirirani!"

Mipando inakhuluzika. Merle anaima, nkhani yosadabwitsa. Koma pakati pa oimawo panalinso Darlene, maso ali pansi, akufinya chipewa m'manja. Mayi Pelkey ankadziwa kuti mwanayo sapeza mtendere mphepo ikamawomba kuphiri powadera nkhawa, komabe mtima unawapweteka zedi.

"Khalani pansi. Tsopano otsutsa, imirirani!"

Mayi Pelkey anagwira mpando wakutsogolo, anadzikoka, mawondo n'kukana, anagweranso pompo. Anayesa kachiwiri, ng'oo. Wowerenga anali atayandikira mzere wawo, chala chili m'mwamba, ndipo lamulo la msonkhano n'lodziwika: wokhala pansi sawerengedwa.

Dzanja linawalowa m'khwapa. Anali Darlene.

"Tsamirani ine, Amayi."

"Wandigulitsa iwe, mwana wobereka ndekha."

"Ndamva. Weramukani bwino akuoneni."

Anaima chonjenjemera, thupi lonse lili pa mwana wawo. Oimawo anali ochepa, sizinkafunika n'kuwerenga komwe, koma wowerenga sanalumphe munthu. Anawaloza Mayi Pelkey, kenaka chala chinaima pa Darlene.

"Ine ayi," anatero Darlene, misozi ili lengelenge. "Ine ndangowagwirizira."