Amene Anamanga Mvula ya ku Ntaja

Ntchito ya Shamim inalibe dzina m'Chichewa, ndipo ngakhale m'Chingerezi anthu ankafunsa kawiri asanagwedeze mutu. Pamalo ofufuzira zakuthambo a ku Greenbelt, ku America, panali akatswiri otumiza makina kumwamba kuti azijambula dziko, panalinso nyumba ya alendo kumene ana asukulu ndi makolo awo ankabwera kudzaona kumene msonkho wawo umapita. Shamim anali wa m'nyumba ya alendoyo. Akatswiri ankamupatsa manambala, iye n'kumaganiza kuti munthu wolowa pakhomo ayambe kuona chiyani, mdima uchuluke bwanji, aime pati, agwire chiyani, ndipo mtima umugunde nthawi iti. Anaziphunzira ku koleji ya zojambula ku Baltimore, ndipo ankazitha. Kumudzi kwawo, kufupi ndi Ntaja, mayi ake, Abiti Omari, ankangoti mwana wawo amagwira ntchito kumitambo.

Chimene chinamutchukitsa chinali mpira waukulu wa dziko, wotalika kuposa munthu, woima pakati pa chipinda chamdima. Pampirapo pankaoneka zithunzi zochokera ku setilaiti: nyanja, nkhalango, ndi mitambo ya tsiku lomwelo. Shamim anali atazindikira kale kuti anthu sakhutira ndi kuonerera, amafuna kulamula. Anapempha amisiri kuti aike timakina toona dzanja, kuti mlendo akakupiza dzanja pafupi ndi mpirawo mitambo izisesereka ngati zinyalala, nthaka n'kuonekera. Ana ankalimbirana. Akuluakulu ankadikira kuti ana achoke, kenako nawonso n'kukupiza mobisa.

Tsiku lotsegulira, mnzake wina anamujambula ataima pambali pa Africa, dzanja lili m'mwamba, mitambo ikuthawa. Chithunzicho anachitumiza kumudzi. Mlongo wake wamng'ono, Luqman, anachipachika m'golosale yake pamwamba pa sopo, ndipo aliyense wobwera kudzagula mchere ankalandira ndi ulaliki womwe: achemwali anga awo, mitambo imawamvera.

Mu Januwale wa 2005, kunja kuli mbuu ndi chipale chofewa, a Mwansa anaima pakhomo la ofesi yake atanyamula kapu ya tiyi. Anali wa ku Zambia, katswiri wa mvula ndi zomera, ndipo zithunzi za pampira zinkadutsa m'manja mwawo. Pamalo ponsepo ndi iwo okha amene Shamim ankayankhula nawo chinenero cha kunyumba, iwo Chinyanja cha ku Lusaka, iye Chichewa, aliyense akukhulupirira kuti mnzakeyo ndiye akuphotchola.

"Munakamba kuti kwanu ni ku Machinga?" anafunsa. "Bwelani muone."

Pakompyuta pawo panali lamba wa mitambo wopingasa Africa. A Mwansa anamusonyeza mmene lambayo anali kukwerera kumpoto tsiku ndi tsiku, kusiya kummwera kwa Malawi pamtunda.

"Mvula yathawa. Ikachedwa kubwelela, chimanga chamene chimasula manje chapita."

"Mukulosera?"

"Ine sinilosela, mwana wa kwathu. Nipima chabe. Olosela ali ku tchalitchi."

Madzulo ake Shamim anadzera pasitolo ya Amwenye kukagula khadi la foni, ndipo m'mawa mwake anaimbira Luqman kuti apereke foni kwa amayi.

"Amayi, chimanga cha chaka chatha chija musagulitse."

"Iwe, kunja kuno kwabiriwira. Chimanga chandipitirira msinkhu. Matumba akale angodzaza m'nyumba, anankafumbwe ndiye akusangalala."

"Asiyeni asangalale. Mvula idula, amayi. Anthu a kuntchito kuno aiona."

Anatsazikana bwino. Shamim, amene ankalipidwa kuti aziganiza zimene munthu amve mumtima akaona chinthu, sanaganize n'komwe zoti awonjezere kuti nkhaniyo ithere m'nyumba. Abiti Omari sanali munthu wodya yekha chinthu chabwino. Anauza amayi anzawo pamjigo, anauzanso ena potuluka kumzikiti Lachisanu: musagulitse chimanga, mwana wanga wa kumitambo uja akuti mvula idula. Anthu anaseka, poti usiku wa dzulo lake inali itagwa yokokolola milambala.

Sabata yomweyo mvula inadula.

Shamim anaonera zonse pampira wake. M'mawa uliwonse alendo asanalowe ankaima m'chipinda chamdima n'kuyang'ana kachigawo kakang'ono kummwera kwa nyanja ya Malawi. Kubiriwira kunasanduka chikasu, chikasu n'kuyamba kufiirira ngati dzimbiri. Mitundu imeneyi anaisankha yekha chaka chapitacho, pamsonkhano umene anthu anakangana mpaka khofi kuzizira kuti ndi kufiira kuti kumene sikuopsa ana. Anasankha kofatsa. Panopa ankaona kuti anasankhadi bwino: munthu akanatha kupaka khoma la pabalaza.

Luqman ankaflasha, Shamim n'kuimba. Nkhani zinkabwera pang'onopang'ono, poti Luqman anali munthu woyamba ndi mtengo wa shuga asanafike pa maliro. Poyamba anati malonda achepa. Kenako anati anthu akumalowa m'golosale osagula kanthu, kungoima n'kumayang'ana chithunzi. Iye anachitsitsa, koma zinangoipiraipira, chifukwa pakhoma panatsala malo oyera amakona anayi, ndipo anthu anayamba kufunsana kuti wabisiranji. Kenako anati amayi akafika pamjigo, anzawo akumanyamula zidebe zosadzaza.

"Akuti chiyani kwenikweni?" Shamim anafunsa.

"Akuti mvula yamangidwa, achemwali."

"Wamanga ndani?"

Luqman anatsokomola. "A Sheriff akuti munthu sadziwa tsiku la maliro a mnzake ngati sanawakonze yekha. Akuti inu mukusesa kumwambako, amayi akugwirizira pansi pano. Akuti n'chifukwa chake nyumba imodzi yokha m'mudzi muno ili ndi matumba."

A Sheriff anali oyandikana nawo nyumba, bambo aulemu wawo, amene kale ankanyamula Shamim panjinga popita naye kusukulu mtsinje ukadzaza. Munda wawo unali waukulu kuposa wa wina aliyense, ndiye kuti unaumanso kuposa wa wina aliyense.

Shamim ankadziwa zimene zimachitikira munthu wokalamba, wamasiye, akamutchula kuti wamanga mvula. Ali mwana anaonapo nyumba ya agogo ena itatsala zipupa zokha, ndipo palibe amene anamuuzapo kumene eni ake anapita.

"Atengere amayi ku Zomba kwa azakhali. Mawa lomwe."

Amayi analanda foni. "Ndithawe chiyani? Wothawa ndiye wavomera. Nyumba iyi bambo ako anafera momwemu. Nanga nkhuku zanga ndizisiyire a Sheriff?"

"Gawani chimangacho, amayi."

"Ndinapititsa lichero la chimanga kwa mnzanga Edness, ana ake akugona ndi nthochi zosapsa. Analibweza osakhudza. Akuti sadya za kumitambo."

Lolemba m'mawa Shamim anapita kwa a Mwansa n'kuwafotokozera zonse. Ankayembekezera kuti aseka, koma anatseka chitseko. Anati zoterezi kwawonso amazidziwa, ndipo digiri siithandiza munthu zikafika pakhomo. Kenako anatembenuza kompyuta. Pamwamba pa nyanja ya pakati pa Mozambique ndi Madagascar panali kamtambo kozungulira, kakusendera kumtunda.

"Aka kazafika kwanu. Chinayi, kapena Chisanu. Sikazapulumutsa chimanga, kazanyowetsa fumbi chabe."

Shamim anaimirira, dzanja lili kale m'chikwama kufunafuna khadi la foni.

"Nkhalani pansi," anatero a Mwansa. "Ganizani bwino. Ikagwa yeka, imwe muli zii, bazakamba kuti Mulungu wakumbuka, nkhani izazizila. Koma mukatchula tsiku, ikagwa pa tsiku lamene ilo, ndiye kuti mwasaina. Wamene amasula ndiye anamanga."

"Ndiye ndikhale chete mpaka Lachinayi."

"Chete. Olo bakufunseni bwanji."

Sanafike nazo Lachinayi. Lachiwiri m'mawa, basi yoyamba ya ana asukulu ikukhota pageti, foni yake inalira kamodzi n'kuduka, kenako kawiri, kenako katatu. Anatuluka panja osavala jekete, n'kuima kuseri kwa nyumba pamene anthu osuta fodya ankabisala mphepo. Manambala a pakhadi anawalakwitsa, n'kuyambiranso.

Kwa Luqman kunali masana, dzuwa litapendeka. Ankayankhula monong'ona.

"Abwera, achemwali. Ali pabwalo. Ine ndi amayi tili m'nyumba."

"Angati?"

"Ambiri. Ena si a m'mudzi muno. A Sheriff ali pakhomo, akuti ayankhule nanu."

Kunamveka chitseko, kenako mpweya wa munthu wosazolowera foni.

"Salaam aleikum, mama."

"Waaleikum salaam, bambo. Muli bwanji?"

"Tili bwino, kaya inu kumeneko? Kukuzizira, tikumva."

"Kukuzizira ndithu."

"Kuno ayi. Mama, ife sitinabwere ndi mkangano. Mayi anuwa ndi mlongo wathu. Inuyo ndinakunyamulani panjinga. Tangobwera kudzapempha. Mwina tinakulakwirani penapake osadziwa, munthu salephera. Tiuzeni, tipepese, mutimasulire."

Shamim anatseka maso. Zaka zonsezi ankalimbana ndi anthu, kuno ndi kumudzi komwe, kuti amvetse kuti ntchito yake si yokongoletsa makoma. Tsopano anaitsitsa yekha ndi manja awiri.

"Bambo, ine si katswiri wa chilichonse. Ndimasankha utoto ndi magetsi m'nyumba ya alendo. Mpira uja ndi chidole. Mitambo ija ndi zithunzi chabe, kanema. Ndi sewero la ana."

"Sewero."

"Eya."

"Ndiye ana a ku America amasewera ndi mvula yathu."

"Ayi, bambo, sindikutero."

"Nanga munadziwa bwanji kuti idula?"

"Anandiuza anthu oyeza."

"Afunseni oyezawo kuti ibwera liti. Tidikira, foni ndi yanu."

"Sakudziwa."

"Zodula ankadziwa, zobwera sakudziwa." A Sheriff anaseka pang'ono, mopanda mkwiyo. "Mama, ine ndine wamkulu, ndimamva. Koma kuli anyamata kunoku, ana awo sanadye. Ine mawu anga ndi amodzi, iwo ndi ambiri. Ndikawauze chiyani?"

Pakona pa nyumba ana asukulu anali kutsika basi, atavala majekete onenepa, mphunzitsi akuwawerenga mitu. Shamim anamva zala zake zikuuma ndi chisanu.

"Muwauze kuti sindikudziwa."

"Chabwino, mama."

Chitseko chinatsekeka. Foni inabwerera m'manja mwa Luqman. Shamim ankamva amayi ake chapatali akutchula mayina a Mulungu motsitsa, monga ankachitira posankha mpunga. Kunja a Sheriff ananena mawu ochepa. Panakhala bata lalitali, lokwanira kuti munthu ayambe kukhulupirira kuti anthu akubalalika.

Kenako padenga la malata panagwa chinthu, phoo, n'kugubuduka mpaka kumapeto.

Mvula siyamba ndi dontho lolemera choncho. Unagwa mwala wachiwiri, wachitatu, kenako yambiri nthawi imodzi, ndipo penapake galasi linasweka. Luqman ankaitana amayi kuti achoke pawindo. Wina panja anafunsa mokweza kuti ndani ali ndi machesi, ndipo anafunsa ngati munthu wofuna kuyatsa fodya.

"Luqman. Luqman, ukundimva?"

"Achemwali, akuzungulira kuseri."

"Tsegula chitseko. Uwauze Lachinayi."

"Chiyani?"

"Lachinayi. Ikachedwa, Lachisanu. Uwauze kuti ndatero ine."

Anamva mlongo wake akukoka chitseko, akufuula tsikulo kawiri. Mwala wina unagwa mochedwa, wokhawokha. Kenako phokoso linasintha, linakhala la anthu ambiri oyankhula nthawi imodzi, ndipo pakati pake panamveka mayi wina akululuta. Mawu a Sheriff anafika pafupi ndi foni, ofewa ngati poyamba.

"Zikomo, mama. Tinadziwa kuti ndinu mwana womva."

Mapazi anayamba kutalikira. Shamim anatsamira khoma. Foni inakhuluza, n'kumveka kupuma kumene ankakudziwa kuyambira ali kumsana.

"Shamim."

"Amayi, mwavulala?"

"Ayi. Windo lokha. Ibweradi?"

"Ibwera. Yochepa, koma ibwera."

"Ndiye ukanaleka kutchula tsiku."

"Amayi, akanakuotcherani m'nyumba."

"Ndikudziwa, mwanangu. Sindikukudzudzula." Ankayankhula mosathamanga, ngati akumuuza za mbuzi yodwala. "Edness wabwera, ali pakhonde ndi lichero lake. Akuti tsopano alandira. Ndimupatsa. Onse ndiwapatsa, mpaka matumba athe."

"Zikatha izi mupite ku Zomba."

"Sandilola tsopano. Ndani angalole kuti mwini mvula asamuke?" Kunamveka tsache likukokera magalasi pasimenti. "Chaka chamawa ikadzachedwa adzabweranso. Koma ulendo umenewo sadzayamba ndi kupempha."