Zilembo za Usipa

"Onani nokha, madamu," anatero a Blackson, mphunzitsi wamkulu, akukankha chitseko cha Sitandade 4 ndi phewa. "Lachitatu, thu koloko. Kalabu yanu yowerenga ndi imeneyi."

M'kalasimo munali mbuzi imodzi. Inatiyang'ana pang'ono, n'kupitiriza kutafuna tchati cha zilembo chimene bungwe lathu linasindikiza ku Lilongwe.

Masiku amenewo ndinkayang'anira alangizi asanu ndi anayi a kabungwe kothandiza ana kuwerenga m'sukulu za boma za ku Mangochi, sukulu iliyonse mlangizi wake. Ndiulule pano: ine Jestina ndimakonda mafomu. Chinthu chosalembedwa pafomu, kwa ine sichinachitike. Tsono fomu ya sukulu iyi ya ku Nkope inali itabwera milungu isanu yotsatizana ili mbee, popanda dzina la mwana ngakhale limodzi. M'chikwama mwanga munali kalata yochotsa ntchito Mwanamvua, mlangizi wa pamenepo, ndipo ndinali nditaisaina kale.

Zinkandiwawa, chifukwa mtsikanayu ndinamusankha ndekha pakati pa anthu makumi atatu. Koma mgwirizano wathu ndi sukulu unkanena poyera kuti ana aziwerenga pasukulu, ahedi azisaina.

"Nanga iye ali kuti?" ndinafunsa.

"Amafika, amasenza bokosi la mabuku, uyo waloza kunyanja. Ine sindingasainire mbuzi, madamu."

Tinamulondola. Dzuwa linali likuswa mtengo, ndipo nsapato zanga za gogoda zinkamira mumchenga phazi lililonse. A Blackson, tayi ili pakhosi, ankandiwerengera milandu ya mabungwe onse amene anadutsapo pasukulu yawo: ena anasiya thanki yopanda mpope, ena anajambula ana zithunzi osabweranso. Ine ndinkangoti "Zoona, ahedi," uku mtima uli pa kalata ija.

Tisanafike padoko tinayamba kumva mawu a ana. "Ma! Me! Mi! Mo! Mu!"

Pamchengapo panali mathandala, matebulo aataliatali oyanikapo nsomba, onse odzaza usipa wonyezimira. Ana oposa makumi anayi anali atazungulira thandala limodzi, ena ndodo zoingitsira akabawi zili m'manja. Pakati pawo panali Mwanamvua, mpango wake utanyowa ndi thukuta. Atationa anabwera n'kutipatsa moni mwaulemu.

"A Mwanamvua," ndinayamba ndi mawu anga a muofesi, "kalasi yanu ili ndi mbuzi."

"Ndikudziwa, madamu. Usipa wagwa chaka chino. Ana akaweruka, amayi awo amawafuna kuno kuti azitembenuza nsomba ndi kuingitsa mbalame. Mlungu woyamba ndinakhala m'kalasi ndi ana awiri. Wachiwiri ndinakhala ndekha. Ndiye ndinaona kuti bokosi ndi lopepuka kusiyana ndi mathandala."

"Bwanji simunalembe zimenezi mu lipoti?"

Anayang'ana pansi. "Fomu ilibe malo ake, madamu. Imangofunsa kuti m'kalasi munalowa ana angati. Ine sindikanalemba bodza."

Fomu imeneyo ndinaikonza ndine, ndipo ndinkainyadira kwambiri.

"Zonsezo n'zabwino," anatero a Blackson, "koma mgwirizano ukuti pasukulu. Kuno kuli bolodi? Kuli choko?"

Apo n'kuti mayi wina wojintcha, Abiti Latifu, atatiyandikira akupukuta manja pachitenje. "Ali uli, ahedi? Choko wa chiyani? Ajira, iwe! Awonetse alendo."

Ajira, mwana wawo, a Blackson ankamudziwa bwino. Anali atabwereza Sitandade 3 kawiri, ndipo ahediwo anandinong'oneza kuti ameneyu ngakhale dzina lake limamuthawa. Mtsikanayo anasesa usipa kumbali ina ya thandala ndi mkono, n'kuyamba kutola kansomba kamodzikamodzi. Tiwiri tinapanga T. Titatu tinapanga A. Anzake ankatchula chilembo chilichonse chikatha, ndipo amayi ena anasiya madengu awo kubwera kudzaonerera. Posakhalitsa pathandalapo panagona mawu a siliva, aatali ngati mkono wa munthu: TAKULANDILANI.

Ine misozi inalengeza, sindibisa. Ndinatembenuka kuti ndione ahedi, koma iwo anali atakwinya nkhope, mutu atapendeketsa.

"Ayi," anatero. "Ayi, ayi. Pambuyo pa i timalemba r, osati l. Ndakhala ndikunena zimenezi zaka makumi awiri!"

Anaponyera tayi paphewa, napinda manja a malaya. "Tandipatsa tinsomba tiwiri." Anawerama, nakhotetsa kansomba kamodzi kuti kapange mimba ya R, kena n'kukhala mwendo. Kakuterereka, iwo akukabweza. Ana anafa nacho chiseko. "Chete! Ajira, bwereza. Ta-ku-la-ndi-ra-ni. Wina alembe *mbiri* apa, tione ngati mwamva."

Anaphunzitsa mphindi makumi atatu. Ataweramuka, zala zili mamba okhaokha, anandiyang'ana ngati munthu wogwidwa akuba ndiwo mumphika.

"Madamu Jestina, mgwirizano uja ukuti pasukulu, eti?"

"Eya, ahedi."

"Koma sukunena kuti malire a sukulu athera pati." Anatsokomola. "Lachitatu lililonse ndizibwera kudzasainira konkuno. Usipa ukatha, abwerere m'kalasi. Ndipo fomu yanuyo mukaionenso."

Potsanzikana, Abiti Latifu anakana kuti mlendo achoke chimanjamanja. Anatapa usipa wa m'mawa womwewo, usanaume, n'kuyamba kufunafuna pokulunga. Jumbo panalibe. "Madamu, mulibe kapepala m'chikwamamo?"

Ndinapisa dzanja. Munali foni, makiyi a galimoto, ndi pepala limodzi lokha: kalata ija, ili mu envulopu. Ndinazengereza, chifukwa padoko limeneli tsopano aliyense ankatha kuwerenga. Koma Mwanamvua anali atatambasula kale manja onse awiri.

Analandira envulopu ija. Pamwamba pake panali dzina lake, lolembedwa ndi dzanja langa. Analiyang'ana, nandiyang'ana ine. Kenako anasolola kalatayo, ndipo osaitembenuza kuti aone mawu ake, anaipinda ngati mmene amapindira pepala ogulitsa mtedza.

"Pepala lolimba bwino ili, madamu," anatero, akumwetulira chamumtima. "Mukakazinge ndi tomato."

Abiti Latifu anathiramo usipa mpaka kusefukira. Ndinanyamula phukusilo ndi manja awiri kubwerera ku galimoto, madzi a nsomba akudontha m'zala zanga. Pofika pamsewu, pamene panali siginecha yanga panangotsala kadontho kabuluu, kakutsetsereka pang'onopang'ono kulowera kuchigongono.