Tsiku Limene Estêvão Anasewera Kumbuyo

Masiku amenewo njanji inali itangofika kumene ku Cuamba, ndipo ife a ku Mandimba tinkasewera mpira opanda nsapato pabwalo la kuseri kwa msika. Mphunzitsi wathu anali a Selemane, ogulitsa nsomba, amene mpirawo sanaumenyepo chibadwire. Loweruka lililonse ankafika panjinga kuchokera ku nyanja ya Amaramba ndi dengu la matemba ouma, n'kuyedzamiritsa njingayo pamtengo wa mango, n'kuyamba kutilangiza. Chilichonse ankachiyerekeza ndi malonda. Wothamanga popanda cholinga ankamuseka kuti akupita kumsika ndi dengu lopanda kanthu. Ine Samuele ndinali wapagolo, ndipo ankanditcha nkhokwe.

Womwetsa zigoli wathu anali Estêvão. Chaka chimenecho zinamveka kuti iye ali pakati pa amuna okagwira chibalo, ntchito yokakamiza ya pamsewu, pamene mkazi wake Estere anali ndi pakati. Mpata wopulumukira unali umodzi. Mkulu wina woyang'anira timu ya antchito a njanji anali kubwera kudzaonera masewero athu ndi a ku Ngauma. Wosewera womusangalatsa ankamulemba ntchito, ndipo wantchito wa njanji sankatengedwa chibalo.

Tsikulo litafika, a Selemane anatidabwitsa. Analamula kuti chigawo choyamba Estêvão asewere kumbuyo, patsogolo panga. Anati matemba sagulitsa pamene aliyense ali nawo. Umawasunga mpaka mvula itatseka misewu, ndiye mtengo umakwera. A ku Ngauma ayambe atopa ndi dzuwa, katundu weniweni atuluke pambuyo pake.

"Bambo, ine si temba," anatero Estêvão. "Nanga wogulayo akachoka?"

"Munthu angachokere ku Cuamba kudzaona theka la mpira? Khala kumbuyo, mwananga."

Anakhaladi kumbuyo, koma ali ndi mkwiyo, ndipo mkwiyowo anauthera pa mpira. Wobwera m'mwamba ankaubweza ndi mutu, wapansi ankaulanda mwini wake asanaganize kokaupereka. Palibe wa ku Ngauma amene anamudutsa. Ine ndinangoima mpaka mayi wina wogulitsa mtedza anandifunsa ngati andibweretsere mphasa.

Chigawo choyamba chinatha popanda chigoli. Tikupumula, mitambo yakuda inayamba kusonkhana kumapiri. Woyendetsa galimoto imene mkulu uja anabwera nayo anaopa matope a msewu wa ku Cuamba, ndipo tinangoona mlendo wathu akukwera. A Selemane anadumphira panjinga n'kuithamangitsa galimotoyo, dengu likadali kumbuyo, matemba akumwazika mumsewu. Anabwerera akukankha njinga.

Chigawo chachiwiri Estêvão anapita kutsogolo mvula ikugwa. Anamwetsa zigoli zitatu, ndipo chomaliza, chimene anachimenya atagona chagada m'matope, sindinaonenso chofanana nacho. Koma tinapambana ngati anthu ochokera kumaliro. Estere anafunda nsalu kumutu n'kumapita kwawo mpira usanathe.

Mlungu wotsatira woyendetsa galimoto uja anabwera ndi uthenga. Mkuluyo ankafuna mnyamata wamtali uja wa kumbuyo. Omwetsa zigoli anali nawo ambiri, chimene ankasowa ndi munthu wotseka njira.

Nkhope ya a Selemane inawala. Anayamba kutifotokozera kuti wamalonda wanzeru amapita ndi katundu amene kumsikako kulibe, ndipo iwo anazidziwa zimenezi kuyambira pachiyambi.

"Munazidziwa, bambo?" anafunsa Estere mwaulemu, atagwira m'chiuno. "Nanga galimoto ija munkaithamangitsiranji?"

A Selemane anakanda m'mutu, kenako anatapa matemba odzaza manja awiri n'kumuikira pansalu yake.

Estêvão sanapite ku chibalo. Mwana wawo anabadwira ku Cuamba, pafupi ndi siteshoni. Kumeneko Estêvão anasewera kumbuyo mpaka maondo anakana, ndipo sankamulola kudutsa pakati pa bwalo. Anzake a ku njanji sankakhulupirira kuti anamwetsapo chigoli pamoyo wake. N'chifukwa chake akabwera ku Mandimba ndi mmodzi wa iwo, ankayamba wafika kwathu, n'kunditengera pabwalo lija, pansi pa mango pamene njinga inkaima.

"Samuele, muuze za chachitatu chija," ankatero. "Usaiwale matope."