Abambo Grain Atasiya Kulankhula

Chimwalirireni akazi awo, Abambo Grain anasintha. Munthu amene anagwira ntchito ya m'gadeni ku Laudium, ku Joni, mpaka kumera imvi tsopano ankangogona, nkhope atalozetsa kukhoma. Kusamba anasiya. Ukawafunsa kanthu, ankangogwedeza mutu.

Ankakhala ndi ana awo awiri ku Winterveld. Elube, wamkulu, ankalawirira kuntchito yochapa ndi kusita. Akabwerako atatopa, ankakalipa.

"Abambo, dzukani! Simukudwala inu. Kuno ku Joni munthu sagona masana."

Mlongo wake Limbani ankachita zosiyana. Ankawavula nsapato, kuwapesa tsitsi, ngakhale kuwayankhira mafunso. Anzawo a kutchalitchi akabwera, ankawabweza pakhomo. "Eish, akupuma. Musawatopetse."

Tsiku lina Abambo analankhula chapansipansi. "Ndasanduka katundu wanu. Bola ndikanatsogola ine."

Ana aja anachita mantha. M'mawa mwake anakwera nawo takisi kupita kukiliniki ku Mabopane.

Nesi wina, Sista Busisiwe, anacheza ndi Abambo paokha, kenako anaitana anawo.

"Uwu si ulesi kapena ukalamba chabe," anatero. "Ndi matenda a maganizo otchedwa dipuleshoni, ndipo amachizika. Aonana ndi dokotala komanso mlangizi. Koma kunyumba mumakhala nawo bwanji?"

Elube anawerama. "Ine ndimatopa, Sista. Nthawi zina ndimakwiya nawo, kenako ndimadziimba mlandu."

"Kutopa si tchimo. Muzigawana ntchito, inunso muzipuma. Koma kukalipa kumawauza kuti ndi olakwa." Anatembenukira kwa Limbani. "Kuwachitira chilichonse nakonso kumawauza kuti anatha ntchito. Zomwe angathe, azichita okha."

Sizinasinthe msanga. Mankhwala anatenga nthawi kuti ayambe kugwira ntchito, ndipo masiku ena Abambo ankagonabe. Elube anaphunzira kutuluka kaye panja mtima ukamuwawa. Limbani anayamba kulowetsa alendo.

Lamlungu lina akudya, Abambo analawa ndiwo n'kukwinya nkhope.

"Waphika ndani? Mchere wachepa."

Elube ndi Limbani anayang'anizana. Elube anaseka mpaka misozi, n'kuwapatsira mchere kuti athire okha.

Wachikulire akasiya kulankhula, kusamba kapena kucheza, musamukalipire, komanso musamusandutse khanda. Pitani naye kuchipatala, mumvetsereni, ndipo inu omusamalira musaiwale kudzisamalira.